"Ndine Ndinapha": Kodi Mau Amenewa Alemera Bwanji pa Khoti?

Mwezi uno ndapatuka pang'ono pa nkhani za m'banja zimene tizolowera kukambirana pa tsamba lino. Candipatutsa ndi funso la mai wina wamasiye wa mu mphakati wathu. Amuna ao anapezeka atafa m'mbali mwa mseu zaka 6 zapitazo, njinga palibe, ndalama za thonje palibe, ndipo kufikira lero palibe munthu amene anaimbidwa mlandu. Posacedwapa kunamveka kuti mnyamata wina, kacasu atamkwera m'mutu, anadziguguda pacifuwa pa bwalo la mowa nanena kuti anacita zimenezo ndi iye. Kutaca anakana kwa mtu wa galu, nati sakumbukira kanthu.

Titatha mapemphero a Lacitatu maiyo anandiimika pakhomo. "Aphunzitsi," anatero, "munthu wanena yekha ndi pakamwa pake. Nanga boma lidikiranji? Ndiponso ndamva kuti pa Lenti anapita kukalapa. Kodi abambo mfumu sangandinong'oneze ine mwini maliro?"

Ndinawayankha mwacidule tsiku lija. Yankholo silinawafike pamtima, ndipo ine ndemwe ndinapita kunyumba ndiri wosakhutira nalo. M'cinenero cathu liu limodzi lakuti kuulula ligwira nchito ziwiri, pa polisi ndi m'chalichi, ndipo ambiri a ife tiganiza kuti ndi cinthu cimodzi. Si cimodzi iai. Tiyambe ndi kuulula kwa pa polisi.

Amene amawerenga Baibulo mosathamanga akumbukira mnyamata Mwamaleki wa m'mutu woyamba wa buku laciwiri la Samuele. Anafika kwa Davide atanyamula cisoti caufumu ndi cigwinjiri ca Saulo, nanena kuti ndiye anatsiriza mfumuyo pa phiri la Giliboa. Davide sanafune mboni ina. Anamphetsa pomwepo pa mau a pakamwa pake. Koma bwererani tsamba limodzi cabe, ku mutu wotsiriza wa buku loyamba, mupeza kuti Saulo anagwera yekha pa lupanga lake. Ambiri omasulira Malembo akhulupirira kuti mnyamatayo anangobvula mtembo, napeka nkhani poyembekeza mphoto. Ngati ndi tero, iye ndi mmodzi wa anthu oyamba olembedwa m'buku amene anafera mlandu wodzinamizira. Aphunzitsi aciyuda a m'mbuyo mwake anakhwimitsa lamulo pa nkhani imeneyi: buku la Deuteronomo lifuna mboni ziwiri kapena zitatu, ndipo iwo anaonjeza kuti munthu asaphedwe pa kubvomera kwa iye yekha. Maimonides, mphunzitsi wao wa zaka za m'ma 1100, anapereka cifukwa cake: pali anthu osweka mtima, otopa ndi moyo, amene angathe kubvomera zimene sanacite kuti apeze njira ya imfa.

Malamulo a kuno ku Zambia, amene ambiri tinatengera ku England, safika pokana kubvomera kotheratu, koma akucenjera nako. Wapolisi asanalembe mau a munthu womganizira mlandu ayenera kumcenjeza kuti sali wokakamizidwa kulankhula, ndi kuti zimene anene zikhoza kuperekedwa ngati umboni. Mlandu wakupha uweruzidwa ku khoti lalikulu. Kumeneko, woimbidwa mlandu akanena kuti anasaina pepala cifukwa ca zibonga, kuopsezedwa kapena kulonjezedwa kanthu, woweruza aimitsa mlandu waukulu nayamba kamlandu kena mkati mwake, kofufuza cinthu cimodzi cokha: kodi mau amenewa anaturuka mwa ufulu? Ndipo si wamlandu amene ayenera kutsimikiza kuti anamenyedwa. A boma ndiwo ayenera kutsimikiza, popanda cikaiko, kuti sanakakamizidwe. Akalephera, pepalalo litayidwa ngakhale litalembedwa bwino cotani. Malamulo akulu a dziko lino aletsa kuzunza munthu, ndipo anena kuti aliyense ndi wosalakwa kufikira khoti litampeza wolakwa. Cinanso cimene ambiri sadziwa ndi ici: munthu akabvomera pa polisi nachulako mnzake, mau amenewo amanga mwini wake yekha, mnzakeyo samangika nao.

Ndimamva anthu akudandaula kuti malamulo otere ateteza zigawenga. Kale inenso ndinkatero. Cinandisintha maganizo ndi nkhani ya Stefan Kiszko, ndipo ndipempha kuti muimve yonse.

Pa 5 Okutobala 1975, mu mzinda wa Rochdale ku England, kamtsikana ka zaka 11, Lesley Molseed, kanatumidwa ku sitolo ndi amai ake ndipo sikanabwerere. Patapita masiku atatu mtembo wake unapezeka kuthengo, utalasidwa ndi mpeni malo 12. Dziko lonse linagwedezeka, ndipo apolisi anali pampanipani woti apeze munthu. Atsikana ena anakanena kuti mnyamata wina wa m'deralo anawacitira zacabecabe. Mnyamatayo anali Kiszko, kalaliki wa ku ofesi ya misonkho, wa zaka 23, wamanyazi, wodwaladwala, wokhala ndi amai ake. Anamgwira m'mwezi wa Disembala, Krisimasi iri pafupi, namfunsa mafunso masiku atatu popanda loya. Potsiriza anabvomera. Pambuyo pake anafotokoza kuti anaganiza kuti akabvomera amlola kupita kunyumba kwa amai ake, ndipo kuti apolisi akafufuza bwino adzaona okha kuti si iye. Anabweza mau ake, koma madzi anali atatayika kale. Mu Julaye 1976 khoti la ku Leeds linamgamula kukhala m'ndende moyo wake wonse.

Tsopano imvani cimene khotilo silinauzidwe. Pa zobvala za mwanayo panapezeka madzi a cimuna okhala ndi mbeu za ubereki. Kiszko anali ndi matenda amene anamlepheretsa kupanga mbeu zotere, ndipo zopima zimene anamtenga mlandu usanayambe zinaonetsa zimenezo. Umboni umenewu unangogona m'mafaelo. Anali atabvomera kale, nanga pepala la dokotala linali la nchito yanji? M'ndende akaidi anzake anammenya, pakuti wopha mwana alibe bwenzi kumeneko, ndipo anadwala misala. Amai ake, a Charlotte Kiszko, anayenda khomo ndi khomo zaka zonsezo, anthu akuwaseka, kufikira loya wina, Campbell Malone, atafukula mafaelowo. Atsikana aja, atakula, anabvomera kuti ananama. Mu Febuluwale 1992 khoti la apilu linammasula, atakhala zaka 16. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 23 Disembala 1993 ali ndi zaka 41, ndipo amai ake anamtsatira patangopita miyezi yowerengeka.

Nanga wakuphayo? Dzina lake ndi Ronald Castree, wa m'dera lomwelo. Mu 1976 momwemo anapezeka wolakwa pa mlandu wocita zonyansa kwa kamtsikana kena ka zaka 9, koma palibe anagwirizanitsa nkhani ziwirizi, popeza buku la Lesley linali litatsekedwa. Anagwidwa mu 2006 mwa kupima kwa DNA, cizindikiro ca m'thupi cimene cisiyanitsa munthu ndi mnzake, naweruzidwa mu Novembala 2007, zaka 32 mwana ataphedwa. Apa ndi pamene ndifuna ofedwa onse amvetse. Kubvomera kwabodza sikupweteka wobvomera yekha. Kutseka maso a ofufuza, ndipo wakupha weniweni agona tulo tabwino. Banja la Molseed linakhala zaka 16 likudana ndi munthu wosalakwa. Cifukwa ca milandu yamtundu umenewu, England anakhazikitsa lamulo mu 1984 lopatsa womangidwa ufulu woonana ndi loya pa polisi, ndipo kufunsa mafunso kunayamba kujambulidwa pa tepi.

Pali ena amene abvomera popanda wowakhudza ndi cala comwe. Ku Sweden munthu wina wa m'cipatala ca amisala ca Säter, Sture Bergwall, amene ankadzicha Thomas Quick, anabvomera kupha anthu oposa 30. Pakati pa 1994 ndi 2001 makhoti anampeza wolakwa pa imfa za anthu 8, makamaka pa mau ake. Akabvomera, madokotala ndi apolisi ankamchera khutu, atolankhani ankabwera, ndipo mankhwala amphamvu ogonetsa ankawalandira mosabvuta. Zambiri zimene ankanena anazitola m'manyuzipepala akale ndi m'mafunso a omfunsawo. Pa mlandu wa mwana wina wa ku Norway, kanthu kamene akatswiri anati ndi fupa la mwanayo kanapezeka pambuyo pake kuti ndi kathabwa ndi guluu. Mu 2008 Bergwall anabweza mau ake onse, ndipo pofika 2013 zigamulo zonse zinali zitafafanizidwa. Akulu anati citsiru cinaomba ng'oma, ocenjera nabvina. Munthuyo anali wodwala, sindimnyoza. Ndinena za ocenjera amene anabvina.

Kotero woweruza wanzeru safunsa cabe kuti "kodi wabvomera?" Afunsa kuti mau akewo abala ciani. Kodi wanena cinthu cimene wakupha yekha angadziwe, cimene sicinalembedwe m'nyuzipepala ndipo wapolisi sanamuikire m'kamwa? Kodi watsogolera anthu kumene kuli nkhwangwa, njinga kapena mtembo? Kodi anali kuderalo tsiku limenelo? Ndi cifukwa cake ofufuza abwino amabisa mbali zina za mlandu, kuti adzayesere nazo wobvomera. Khoti likhoza kumanga munthu pa kubvomera kwake ngati lakhutira kuti ndi kwaufulu ndi koona, koma kubvomera kopanda cocirikiza kuli ngati nyumba ya mzati umodzi. Mau a pamowa nao akhoza kufika ku khoti kudzera mwa amene anawamva ndi makutu ao. Koma woweruza adzawayesa pa sikelo yomweyo, ndipo mau a "akuti akuti" sadzawalandira.

Tisaloze cala ku maiko akutali okha. Makolo athu anali ndi mwabvi, ndipo ngakhale lamulo la za ufiti la mu 1914 linauletsa, mzimu wake sunafe. Ndaonapo ndi maso anga agogo okalamba atazingidwa ndi gulu pamaliro, akubvomera kuti ndiwo anadya mwana, pongofuna kuti ndodo zileke. Eklezia nayenso ali ndi cipsera pa nkhani imeneyi. Papa Nicholas Woyamba analembera anthu a ku Bulgaria mu 866 kuti kuzunza munthu kuti abvomere ndi kosemphana ndi lamulo la Mulungu ndi la anthu. Koma mu 1252 Papa Innocent Wacinai analola kuzunza pofufuza ampatuko. Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa manambala 2297 ndi 2298, atsutsa mcitidwe umenewu ndipo abvomera mwacisoni kuti abusa a Eklezia anaulekerera. Ana a m'kalasi la cilimbitso ndimawauza zimenezi poyera. Kuli bwino azimve kwa ine kusiyana ndi kudzazimva kwa otinyoza.

Tsopano funso laciwiri la mai uja, limene lindiwawa koposa. Abambo mfumu sangawanong'oneze kanthu. Sangathe ngakhale kunena ngati mnyamatayo anachula nkhaniyo kapena iai. Msonkhano waukulu wa ku Laterano wa mu 1215 unalemba lamulo limeneli, ndipo lero liri pa nambala 983 ya malamulo a Eklezia: cinsinsi ca sakramenti la kulapa sicithyoledwa pa cifukwa ciri conse. Wansembe woulula wolapa ndi chimo lake adzicotsa yekha mu Eklezia nthawi yomweyo, ndipo womkhululukira ndi Likulu la Papa lokha. Lamulolo limanganso womasulira, ngati alipo, ndi ali yense amene wamva mwangozi. Ife akatekisiti tiyenera kulisunga bwino limeneli, pakuti m'machalichi athu a kumidzi wolapa agwada pansi pa mtengo, ndipo mphepo imanyamula mau. Yohane Woyera wa ku Nepomuk anaponyedwa mu mtsinje wa Vltava ku Prague mu 1393, ndipo mwambo wa Eklezia umati anafera kukana kuuza mfumu Wenceslaus zimene mfumukazi inalapa. Mu 1996, ku Oregon m'dziko la America, oyang'anira ndende anajambula mobisa kulapa kwa mkaidi woganiziridwa kupha anthu atatu. Vatican inadandaula kwambiri, ndipo mu Januwale 1997 khoti la apilu linagamula kuti kujambulako kunaphwanya malamulo.

Wina adzati, ndiye kuti Eklezia abisa akupha. Taganizani bwino. Tsiku limene kudzamveke kuti wansembe mmodzi wapereka wolapa kwa apolisi, palibe wakupha amene adzagwadenso pamaso pa wansembe. Apolisi sadzapindula kanthu, ndipo padzatayika malo okhawo pamene munthu wotere amamva liu lomuuza kuti akakonze cimene anaononga. Mu 2019 ofesi ya ku Roma yoona za sakramentili inafotokoza kuti wansembe sangaike lamulo lakuti "kadzipereke coyamba ku polisi, ndipo udzakhululukidwe pambuyo." Koma akhoza kumdandaulira, ndipo ayenera kuona ngati kulapako ndi koona. Munthu amene akuti walapa, koma ali wokonzeka kuona mnzake akuolera m'ndende pa mlandu wake, kulapa kwake kuli ndi funso lalikulu. Cinsinsi cimanga wansembe, wolapa sicimmanga. Iye ali ndi ufulu wonse wopita kukanena yekha.

Nkhani imene ionetsa kulemera kwa zonsezi inacitika ku Bronx, mu mzinda wa New York. Mu Seputembala 1987 munthu wina, Jose Antonio Rivera, anaphedwa ndi gulu la anyamata. Awiri, Jose Morales ndi Ruben Montalvo, anapezeka olakwa mu 1988. Asanapatsidwe cilango, mnyamata wina, Jesus Fornes, anaitana wansembe waciJezuiti, Bambo Joseph Towle, kunyumba kwake, namuuza kuti iye anali nao pakuphapo, ndipo kuti awiri aja kunalibe. Bambo Towle anamlimbikitsa kukanena, ndipo mnyamatayo anapitadi kukauza loya wa omangidwawo. Koma itafika nthawi yoima m'khoti, atalangizidwa ndi loya wake, anagwiritsa nchito ufulu wake wokhala cete. Awiri aja anapita kundende. Fornes anaphedwa mu 1997, cinsinsi ciri m'mimba. Bambo Towle anasenza katunduyo zaka zoposa 10. Potsiriza, atasinkhasinkha ndi kufunsa akulu a Eklezia, anatsimikiza kuti kukambirana kuja sikunali kulapa kwa sakramenti koma kuceza kwa munthu wofuna uphungu, ngakhale kuti pomaliza anamkhululukira macimo. Mu 2001 anapereka umboni pamaso pa woweruza Denny Chin, amene anaona kuti mau a malemu Fornes ndi okhulupirika, popeza anawanena kwa anthu angapo, modziika yekha m'mabvuto, wopanda comwe akanapindula. Morales ndi Montalvo anamasulidwa m'mwezi wa Julaye caka comweco.

Akatolika ena anakondwa, ena anagwira pakamwa. Ine maganizo anga ndi awa. Bambo Towle sananene kuti cinsinsi cikhoza kuthyoledwa cifukwa munthu wafa kapena cifukwa wosalakwa ali m'ndende. Anati kuja sikunali kulapa. Pokhapo ndi pamene panali khomo lake, ndipo ndi khomo lopapatiza kwambiri, moti sindifuna kuti wansembe wathu ali yense adzaimepo. Kukadakhala kulapa kwenikweni, akadayenera kupita nazo kumanda, anyamata awiri ali m'ndende. Mau amenewa ndi olimba, ndipo sindiwalemba mopepuka. Koma onaninso cimene cinakhutiritsa woweruza. Sicinali cobvala ca wansembe. Anayesa mau a Fornes pa sikelo yomwe ija: ananena kwa yani, kangati, anapindulanji, ndipo kodi agwirizana ndi umboni wina?

Kwa iwe amene uwerenga tsamba lino uli ndi magazi m'manja, ngati ulipo, ndinena mwacindunji. Kuyambira Disembala 2022 dziko la Zambia linathetsa cilango ca imfa. Onyongedwa otsiriza ananyongedwa mu 1997. Cingwe ca ku Mukobeko sicikudikiranso. Pita kwa wansembe, sadzakuulula. Ukacoka kumeneko funa loya, upite naye ku polisi, ukanene zimene udziwa ndi kuonetsa pamene unabisa zinthu. Pali mai wina amene sanagone tulo teniteni kuyambira tsiku lija.

Mai wamasiye uja ndinabwererako Lasabata madzulo, ndinapeza ana ake aamuna awiri atakhala pakhonde, nkhope ziri gwa. Ndinadziwa zimene zinali m'mitima mwao, pakuti mphekesera ya petulo ndi macesi inali itandipeza kale. Ndinawafotokozera za Kiszko monga ndakufotokozerani. Wamkulu anandidula mau: "Aphunzitsi, amenewo ndi Azungu. Uyu wanena yekha." Ndinamfunsa ngati mnyamatayo anachula mtundu wa njinga, kapena malo pamene atate ao anagwera, kapena kanthu kena kamene mudzi wonse sukadziwa. Anayang'ana pansi. Ndinamfunsanso ngati pali munthu amene anamva yekha mauwo ndipo angalole kuima m'khoti. Anachula awiri.

Mlandu suola, ndipo pa mlandu wakupha lamulo la boma ligwirizana ndi mwambi umenewu: palibe zaka zimene zikapita mlandu utha wokha. Tinapangana kuti mboni ziwirizo zikanene ku polisi zimene zinamva, mau ake enieni, osaonjeza mcere. Pamene tinali kutsazikana, maiyo analowa m'nyumba naturuka ndi buku lao la nyimbo. Pakati pa masamba panali lisiti ya njinga ija, yofiira ndi ukalamba, nambala ya pa cisulo ikuonekabe. Palibe anawafunsapo za pepalali zaka zonsezi, ndipo iwo sanadziwe kuti liri ndi nchito. Lolemba m'mawa tidzapita nalo, iwo, mwana wao wamkulu ndi ine.